Machimo a Bambo Pakamwa Panga

9 Febuluwale

Mchimwene wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo kuzizira kwa kumeneko sikunakumalize. Kuno tadzuka. Atsikana ali kusukulu, alamu ako ali ku galaja, ine ndikupitabe ku ntchito ku khoti. Sindinalembe "Abambo" pamwambapa ngakhale uli wansembe, poti m'nyumba muno bambo alimo kale mmodzi ndipo akutikwanira.

Pa foni ukafunsa za Bambo ndimangoti "ali bwinoko" chifukwa mphindi zitatu sizikwana kunena zoona. Zoona zake ndi izi. Chichitikireni sitiroko ija mu Novembala, dzanja ndi mwendo wa kumanja sizinabwerere. Tinawagoneka m'chipinda cha atsikana poti chili pafupi ndi bafa. Mutu uli bwinobwino, amamva zonse ndipo amakumbukira zonse. Chimene chinawonongeka ndi lilime. Mawu amatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi m'kamwa. Adokotala samva, anamwino samva, alamu ako amamva mawu atatu okha: "madzi", "ayi" ndi "choka". Ine ndimamva pafupifupi onse. Zaka khumi ndi zisanu zomasulira anthu olira, oledzera ndi opanda mano pa khoti zandithandiza pamenepa.

Lachinayi lapitali kunabwera wansembe wa parishi yathu, wokalamba uja wa khutu limodzi. Bambo anapempha okha kuti akufuna kulapa. Ndinatuluka n'kutseka chitseko. Sipanathe mphindi khumi, wansembe anandiitana.

"Mayi, sindikumva ngakhale liwu limodzi. Koma palibe vuto. Angondifinya dzanja kusonyeza kuti akumva chisoni, ine ndiwakhululukire machimo. Mpingo umalola."

Bambo anabisa dzanja lawo labwinolo m'bulangete n'kuyamba kuyankhula.

"Akuti chiyani?" anandifunsa wansembe.

"Akuti kulapa kwa chidule sakufuna. Akuti tchimo lililonse litchulidwe dzina lake, ndiponso kuti linachitika kangati."

Wansembe anaseka. "Aphunzitsi, Mulungu si wogontha ngati ine!"

Bambo sanaseke. Anatembenukira kukhoma. Ukuwadziwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukatekisiti ankaphunzitsa ana kuti tchimo losatchulidwa limatuluka nawe m'tchalitchi, ndiye sangasinthe lero chifukwa choti zawagwera iwo. Poti sanalape, Ukaristiya anaukananso. Chichokereni wansembe, Bambo akudya theka la zimene ankadya.

Kabuku ka Chifundo cha Mulungu kamene unatumiza kanafika, ndipo ndinawawerengera. Nditafika pa tsamba lonena kuti chifundocho chilibe malire, anandiuza kuti ndilekere pomwepo ndikawatengere chikho chokodzera.

Pempho langa ndi limodzi. Bwera. Ndiwe wansembe, ndiwenso mwana wawo wokondedwa. Ukakhala nawo milungu iwiri khutu lako lizolowera, uwalapitse, afe mmene akufunira. Undiuze tsiku, alamu ako adzakuchingamira.

Ndine,
Mchemwali wako

2 Malichi

Achemwali okondedwa,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndili bwino, kungoti chifuwa sichikundisiya. Moni kwa alamu ndi atsikana. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndili m'chapelo.

Ndinapita kwa mkulu wa nyumba yathu kukapempha chilolezo. Anandimvetsera bwino, koma anati mayeso omaliza ali mu Juni, ndipo ndikachoka tsopano zaka zitatu zimene dayosizi inanditumizira kuno zapita pachabe. Ndinalonjeza kumvera, Achemwali, ndipo kumvera sikusankha masiku. Ndivomerenso china: tsiku lija munawapatsa foni, Bambo anayankhula mphindi yathunthu ine ndikungoti "eya, eya" osamva kanthu. Nditaika foni ndinalira.

M'nyengo ino ya Lenti ndakhala ndikusinkhasinkha za iwo. Mavuto amamuvula munthu chimene ankadalira. Bambo ankadalira mawu awo. Ankaphunzitsa nawo, kudzudzula nawo, kutsogolera nawo mapemphero. Sindikhulupirira kuti Mulungu wawamanga lilime powalanga. Ndikuona ngati akuwaphunzitsa chinthu chimodzi chimene sanaphunzirepo, kulandira. Kudzichepetsa si kudziyesa wachabechabe ayi, ndi kulola kuti wina akunyamule pamene miyendo yako yakana. Chifundo cha Mulungu sichidikira kuti tiyankhule bwino. Wansembe wanuyo ananena zoona.

Koma poti Bambo akufuna kutchula zonse, njira ilipo. Ndinafufuza m'malamulo a Mpingo ndipo ndinafunsa mphunzitsi wathu. Munthu saletsedwa kulapa kudzera mwa womasulira, bola afune yekha. Womasulirayo amamangidwa ndi chinsinsi: zimene wamva sanganene kwa munthu aliyense mpaka imfa.

Achemwali, mukuona mmene Mulungu amakonzera zinthu? Pa anthu onse, amene amamva Bambo ndinu, ndipo kumasulira ndiyo ntchito yanu. Ndikudziwa kuti pakati pa inu ndi iwo pali chilonda chakale. Mwina iyi ndiyo nthawi imene Ambuye asankha kuchipoletsa. Pamafunika kudzichepetsa pang'ono mbali zonse ziwiri.

Kalatayi muwasonyeze wansembe. Ndikuchita Misa ya Bambo Lachisanu lililonse, ndipo inunso ndimakutchulani. Mundilembere msanga mmene zayendera.

Wanu mwa Khristu,
Mchimwene wanu

24 Malichi

Mchimwene wanga,

Moni. Chifuwacho ukapimitse, usangochipempherera. Kuno atsikana ali bwino. Bambo atsika makilogalamu anayi chilembereni kalata ija.

Ndinachita zimene unanena. Wansembe anawerenga kalata yako, anati lamulolo alikudziwa koma pa zaka zake zonse sanaligwiritsepo ntchito. Tinalowa tonse kwa Bambo, iye n'kuwafotokozera. Bambo anatseka maso nthawi yaitali mpaka ndinayesa agona. Kenaka ananena mawu awiri, ndipo ndinayenera kuwamasulira ndekha: "Palibe wina."

Umve bwino. Sananene kuti akufuna ine. Anati palibe wina.

Ndinakana.

Walemba za "chilonda chakale" ngati ndinagwa pa njinga. Unali ku seminale, sunaone, ndiye ndikuuze mmene zinalili. Linali Lamulungu, Misa yachiwiri, zaka khumi ndi zitatu zapitazo. Ndinakhala pa benchi yachinayi ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Pa nthawi ya zolengeza Bambo anawerenga za denga lodontha, kenaka dzina langa lonse, kuti ndaimitsidwa kulandira masakramenti chifukwa ndikukhala ndi mwamuna wa mwini, kenaka za kwaya kuti ikumane Lachitatu. Mawu awo sanasinthe pa zitatu zonsezo. Wansembe wa nthawi imeneyo sanawatume kulengeza. Anachita okha, kuti anthu asamati katekisiti akubisa mwana wake.

"Mwini" ameneyo anali atathawa alamu ako zaka zisanu m'mbuyomo. Alipo mpaka lero, ali ndi ana anayi kwa mwamuna wina, ndipo chifukwa ali moyo ukwati wathu sungadalitsidwe. Mapepala athu opempha kuti ukwati wakalewo uthetsedwe ali ku dayosizi chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Amati akuwaona.

Kuyambira tsiku limenelo Bambo sanapondepo m'nyumba muno mpaka pamene tinawalowetsa pa machira. Pa maliro a Amayi anapatsa moni aliyense kupatula mwamuna wanga. Lero mwamuna yemweyo ndiye amawanyamula kupita nawo kubafa.

Ndiye ukandiuza za kudzichepetsa, ndikufunse: ukutanthauza kotani? Ine ndimawapukuta kawiri pa tsiku. Ndimachapa zofunda ndisanapite ku ntchito. Lamulungu ndimapita ku Misa, anthu akamapita kukalandira ine ndimapinda miyendo kuti adutse bwino. Ngati pali kudzichepetsa kwina kumene munaphunzira kumeneko, kunalembedwa ndi anthu amene amachapiridwa zovala.

Sindikutsutsa kuti Mulungu ndi wachifundo. Ndilibe umboni wotsutsa. Chimene ndaona n'chakuti chifundocho chikafuna kufika pa munthu chimadzera pa msana wa munthu wina, ndipo kawirikawiri amakhala mkazi.

Pa khoti tili ndi lamulo: womasulira amene mlandu ukumukhudza amachoka, pabwere wina. Mlandu uwu ukundikhudza. Bambo afinye dzanja la wansembe monga amachitira odwala ena onse.

Mchemwali wako

10 Epulo

Alamu,

Moni kumeneko. Ine si wa makalata, dzanja langa linazolowera sipanala, ndiye mukhululuke zolemba zokhotakhotazi. Achemwali anu sakudziwa kuti ndalemba, ndipo musawauze, ndikufunabe kukhala ndi moyo.

Madala anagwidwa chibayo sabata yatha. Anagona kuchipatala masiku anayi. Adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti chakudya chikumalowera kumapapo, tikonzeke, ndi nkhani ya milungu. Tabwera nawo kunyumba.

Ine ndi madala timagwirizana. Ndikawanyamula amati "choka", ndikawatsitsa amati "choka". Ndinalakwitsa kuwauza anzanga ku galaja, pano onse akunditcha a Choka. Sindidandaula. Munthu akamakutukwana ndiye kuti mphamvu zilipo.

Chimene ndalembera ndi ichi. Ndikudziwa kuti achemwali anu akuuzani za lamulo la ku khoti. Limenelo ndi bodza la anthu ophunzira. Loweruka m'mawa tikutsuka makapu ndinawafunsa kuti, "Mayi a atsikana, bwanji osangowathandiza madalawa apite mu mtendere?"

Anati, "Ukudziwa chimene ukupempha? Akalapa zonse, mpaka za kusukulu ali mwana, n'kumaliza osatchula tsiku lija, ndidzadziwa kuti kwa iwo silinali tchimo. Pano ndimangoganiza. Pamenepo ndidzadziwa."

Ndinati, "Nanga akalitchula?"

Anati, "Akalitchula, apepesa Mulungu, osati ine. Ine ndikhala waya wa foni. Ndipo sindidzatha kuuza munthu, ngakhale iwe."

Kenaka anatsuka kapu imodzi kawiri, n'kunena kuti, "Chimene ndikuopa kwambiri n'china. Wansembe uja samva. Ndikhoza kuwonjezera chiganizo chimodzi chimene Bambo sananene, iye osadziwa. Ndachikonza kale m'mutu, n'chachifupi. Zaka khumi ndi zisanu sindinawonjezerepo liwu pa mawu a munthu, ngakhale a wakupha. Sindikudziwa ngati pamenepa ndingapirire."

Ndiye alamu, si nkhanza ayi. Ndi mantha. Mukamalemba musawalalikire, ulaliki ali nawo wokwanira m'chipinda cha atsikana. Mungowauza kuti akakana sakhala munthu woipa. Inu ndinu wansembe, mwina akamva kwa inu apuma.

Ine za Mpingo sindidziwa zambiri, ndimangodziwa kuti vuto lonseli dzina lake ndine. Koma galimoto ikafa pamsewu sitiyamba ndi kufunsa amene anaigula, timayamba takankha.

Ndatha ine,
Mlamu wanu

13 Epulo

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ya pa 24 Malichi yafika dzulo ndipo sindinathe kudya.

Ndinena mosabisa, monga mlongo wanu komanso monga wansembe. Zimene Bambo anachita zinali zolakwika, ndipo ndikupepesa kuti sindinakufunsenipo. Koma zimene mukuchita inu tsopano ndi kubwezera. Iwo anakutsekerani khomo la masakramenti, inu mwapeza mpata wowatsekera lomwelo, pa nthawi imene sangathe kudziteteza. Mwaliveka dzina la lamulo la ku khoti kuti lioneke laulemu.

Munthu wonyada ngati Bambo kuvomera kuti mwana wake amve machimo ake, kumeneko ndi kudzichepetsa kumene sindinayembekeze kudzakuona. Iwo atsika. Inu mwakwera pa mpando wa woweruza. Tonse tidzafuna chifundo tsiku lina, ndipo sindikudziwa kuti tidzachipempha ndi nkhope yotani ngati tinachimana munthu ali pa bedi la imfa.

Akamwalira osalapa, mudzasenza zimenezi moyo wanu wonse. Ndikukupemphani, ganizaninso.

Mchimwene wanu

6 Meyi

Mchimwene wanga,

Moni. Tadzuka, alendo a pamaliro anapita onse. Kalata yako ya pa 13 Epulo inafika tsiku lotsatira titaika Bambo. Alamu ako anafuna kuibisa, kenaka anaulula kuti nawonso anakulembera, ndipo makalata anu anasemphana m'njira. Usavutike kupepesa. Unaweruza mlandu usanamve mboni zonse, zimachitika ngakhale kwa oweruza a malipiro.

Pa foni ndinangokuuza kuti anamwalira pa 29 Epulo atalandira masakramenti. Unafunsa kuti zinatheka bwanji. Ndikuuza zimene ndingathe kunena.

Sindinalote loto, ndipo mtima wanga sunasungunuke. Tsiku lina ndinaweruka msanga chifukwa mlandu unaimitsidwa. Ndili pakhonde ndinamva Bambo akuyankhula okha. Ankabwereza chiganizo choyamba cha kulapa, chopempha wansembe kuti awadalitse, kuyesa kuchitulutsa bwino kuti wansembe adzamve popanda ine. Ndinaima n'kuwerenga. Anachinena kakhumi n'kasanu n'kawiri. Komaliza kanali koipa kuposa koyamba, ndipo nditalowa ndinapeza adziluma lilime, magazi ali pa pilo. Ndinawapukuta n'kukaimbira wansembe.

Anabwera pa 21 Epulo, cha m'ma 10 m'mawa. Ndinavala zovala za ku ntchito. Ndinaika mpando kumutu kwa bedi, kumene Bambo sakanatha kuona nkhope yanga, mbali ya khutu labwino la wansembe. Iye anandifotokozera za chinsinsi, ndinamuuza kuti ndamva. Zinatenga mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Womasulira sanena kuti "akuti", amanena kuti "ine". Choncho kwa mphindi zonsezo ndinakhala ndikunena kuti "ine ndinachita", "ine ndinalephera", ndi mawu anga, m'chipinda cha ana anga. Sindinawonjezere liwu ndipo sindinachotse liwu. Pamapeto wansembe anatambasula dzanja pa Bambo n'kuwakhululukira machimo amene anatuluka pakamwa panga.

Unandifunsa pa foni kuti, "Ananena za inu?" Alamu ako safunsa, amangondiyang'ana nkhope ndikamadya. Iwe ndiwe unandipezera lamulolo, ndiye ukudziwa kuti sindingayankhe. Usayese kuwerenga yankho m'kalata ino, ndaiwerenga kawiri kuonetsetsa kuti mulibe. Zaka khumi ndi zitatu ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi. Pano ndikuchidziwa, ndipo Mpingo umene sundilola kudya pa tebulo lake wandisungitsa chinsinsi chake mpaka kumanda.

Zotsatirazi si za chinsinsi, chitseko chinali chotsekula ndipo alamu ako anali pomwepo. Poti Bambo sankatha kumeza, wansembe ananyema kachidutswa kakang'ono ka Ukaristiya, kochepa kuposa chikhadabo, n'kukaika pa supuni ya madzi. Alamu ako anawadzutsa, ine ndinagwira mutu n'kuyang'ana pakhosi mpaka kanadutsa. Sanatsamwe. Mbali yotsalayo wansembe anaigwira m'manja, anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaidya yekha. Sindimuimba mlandu, anatsata lamulo.

Bambo anagona chagada maso ali otseka, nkhope itamasuka. Sindinawaonepo choncho chiyambire ubwana wanga. Ngati ukufuna umboni wa chifundo cha Mulungu woti ukalalikire, ndi umenewo, ndinauona ndi maso anga ndipo sindingaukane. Koma ine usanditchule mu ulalikiwo.

Wansembe akulongedza kachikwama kake, Bambo anatsekula maso n'kundifuna. Ndinazungulira bedi kuti andione. Anandigwira mkono ndi dzanja labwino lija, n'kunena mawu ochepa. Anali mawu omaliza amene anandiuza ine mwini. Masiku otsalawo ankangopempha madzi.

"Akuti chiyani aphunzitsi?" anafunsa wansembe akumwetulira.

Ndinamuuza monga mmene anawanenera. "Akuti nanenso ndikalape."

Wansembe anayang'ana pansi. Alamu ako anatuluka panja. Alamu akowo akuti munthu amene wangolandira chinthu chokoma amafuna mwana wake alaweko, ndiye ndisawaganizire zoipa. Mwina n'zoona. Mwinanso anali katekisiti yemwe uja akumaliza zolengeza zake. Mawu ndinawamva onse bwinobwino. Chimene ankatanthauza sindikuchidziwa, ndipo pa ntchito yanga sitiloledwa kuganizira.

Ulembe mayeso ako bwino. Ukabwera mu Julayi ufikire kuno, chipinda chilipo.

Mchemwali wako